Achibale a odwala mwakayakaya aziuzidwa zoona, nthawi ikadalipo

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za chipinda cha odwala mwakayakaya, chija ambiri amangoti ICU. Zipindazi zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, choncho mabanja ambiri amachokera kutali, ndipo pachipatala pamatsala gadiyani mmodzi. Pempho lathu ndi lakuti kukambirana ndi banja kukhale ndi nthawi yakeyake, ngati mmene kupereka mankhwala kulili.

Pasanathe maola 72 wodwala atalowa, dokotala ndi namwino akhale pansi ndi banja m'chipinda, osati chiimire pakhonde. Ayambe ndi kufunsa kuti, "Mwamva zotani pa matenda a bambowa?" Akatero afotokoze pang'onopang'ono chomwe chavuta, chomwe makina akuchita, ndi zomwe zingachitike ngati thupi silikuvomera thandizo. Pomaliza wachibale abwereze m'mawu ake zomwe wamva, chifukwa munthu wamantha amangogwedeza mutu ngakhale sanamve. Zokambiranazo zilembedwe m'faelo kuti namwino wausiku asanene zosiyana ndi wamasana.

Tsiku lomwelo adziwike yemwe ali ndi mawu omaliza. Kawirikawiri gadiyani amakhala mayi yemwe sangavomereze kanthu popanda amalume kapena mwinimbumba ali kumudzi. Wodwala akakhala pa makina opumira sabata imodzi kapena ziwiri, madokotala amaganiza zoboola pakhosi kuti chubu chopumira chidzere pamenepo, ndipo chilolezo chimachedwa pamene akufunafuna mwinimbumbayo. Nambala yake ya foni ilembedwe pa tsiku loyamba.

Pali zinthu zina zomwe banja liyenera kuuzidwa lisanafike pabedi. Chubu chopumira chimadutsa pakati pa timinofu totulutsa mawu, n'chifukwa chake wodwala sayankhula ngakhale ali maso. Asapatsidwe madzi, phala kapena mankhwala achikuda pakamwa, pakuti zimalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Chakudya chake chimadzera m'kachubu ka m'mphuno. Makina akalira sikuti munthu akutsirizika, nthawi zambiri kachipangizo ka pachala koyezera mpweya m'magazi kangosuntha. Komanso mphekesera yoti okosijeni amapha anthu imakula pamene palibe wofotokoza kuti mpweyawu umapatsidwa kwa amene adwalika kale kwambiri, ndipo chowapha ndi matendawo.

Wodwala nayenso tisamuiwale. Amene wapatsidwa mankhwala ogonetsa akhoza kumva, choncho tizimutchula dzina, kumuuza tsiku ndi komwe ali, ndi kumuchenjeza tisanamutembenuze kapena kumuyamwa makhololo m'chubu, chifukwa zimapweteka. Ngati ali maso, mafunso akhale a eya kapena ayi, limodzilimodzi: kufinya dzanja kamodzi ndi eya, kawiri ndi ayi. Pepala lokhala ndi zithunzi za ludzu, ululu, kuzizira ndi m'bale limathandiza amene sadziwa kulemba. Ngati amavala magalasi, abwezeredwe. Ambiri amasokonezeka mutu m'chipindachi, n'kumaona zinthu zomwe palibe kapena kukoka machubu. Banja liuziridwetu kuti izi zimadza ndi matenda, mankhwala ndi kusowa tulo, kuti lisayambe kukayikirana za ufiti.

Chovutitsitsa ndi kunena kuti munthu sachira. Pachikhalidwe chathu timaopa kuoneka ngati tikulosera maliro, ndiye timabisala m'mawu oti "tikuyesetsa". Koma banja lomwe lauzidwa mwaulemu kuti "tikuopa kuti amayi atisiya" limapeza mpata woitana ana ali ku Joni, abusa kapena a shehe, ndi kutsanzikana. Tikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi sukulu zophunzitsa madokotala ndi anamwino kuti luso limeneli liziphunzitsidwa ndi kuyesedwa, ndiponso kuti pafupi ndi ICU iliyonse pakhale kachipinda kokhala ndi mipando ndi chitseko.

Ndife,
Anamwino okhudzidwa,
Lilongwe