Ife achinyamata a m'Chigwa cha Shire atisiye tiphunzire ntchito konkuno

Akonzi,

Ndipatseniko kampata ndinenepo za pologalamu ya boma ija yotenga omaliza maphunziro a ukachenjede kuti akaphunzire ntchito m'maofesi, ija timangoti intanishipu. Ine ndinatenga digiri ya zaulimi ku Bunda, pano ndili kwathu ku Bangula kuthandiza mayi anga kugulitsa nsomba zouma pamsika, ndiye nkhaniyi ikundikhudza zedi.

Kuapulaya kokhako ndi ntchito. Pamafunika chiphaso cha unzika, satifiketi, zonse usikanitse, ugule bandulo, kenako udikire netiweki yomwe kuno imabwera ikafuna. Bola ife, anzathu aku Makhanga amachita kuwoloka Shire pabwato poti mlatho wa Mtayamoyo unapita kalekale, kulipira bwato, kulipira kabaza, kudzangosikanitsa mapepala awiri basi. Ena mapepalawo anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya komwe munthu amatumizidwa akasankhidwa. Kandalama ka intani nkochepa, tonse tikudziwa, ndiye mwana wa ku Nsanje mukamuponya ku Lilongwe kapena ku Mzuzu komwe alibe ngakhale azakhali, lendi aitenga kuti, thiransipoti, chakudya? Mnzanga wina anabwerako patangotha miyezi iwiri ali ndi ngongole. Pomwe wa kumtunda mukamubweretsa ku Ngabu mwezi wa Okutobala, kutentha kwake kuja kogona panja pamphasa udzudzu uli waa, sachedwa kuyamba kupempha transifa, ndipo sindimunena ayi, sanazolowere.

Ife tinabadwira momwemu. Chisena ndi Chimang'anja timayankhula, mlimi wa mapira kapena thonje tikhoza kumvana naye bwinobwino osafuna womasulira, kugona tigona kwa makolo. Ngalande yayikulu ya mthirira ija ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikufuna anthu odziwa zaulimi, nanga bwanji osatiika m'maofesi a zaulimi aku Chikwawa ndi Nsanje tiphunzirire pomwepo?

A Unduna wa Zantchito, chonde posankha muziyang'ana kaye boma lomwe munthu akukhala, ndipo mafomu apepala azipezekanso ku ofesi ya DC kuti wopanda foni yapamwamba asatsalire. Ine chaka chino ndiyeseranso, mapepala ndinasikanitsa kale ali mufoni.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje