Boti lija ndagula

Mnzanga,

Kuno kwayamba kuzizira, ndipo kamvula kowaza kaja ka Mzuzu kakugwa chiyambire m'mawa. Ndati ndikulembere, poti pa foni nkhaniyi mayunitsi akanathera panjira. Alamu ako ali bwino, ana nawonso, kupatula wamng'onoyu amene chifuwa sichikumusiya.

Boti ndinkakuuza lija ndagula. Seka ndithu. Munthu wa ku Chibavi, kumtunda kuno, amene madzi omwe amawadziwa ndi a Lunyangwa, kukagula boti! Koma ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, ndipo usipa umene timaugula modula pamsika pano umachokera komweko. Ndinatopa kuwerengera anzanga phindu.

Ndi la matabwa, lakalekale, lotalika mamita 7. Mwini wake woyamba atamwalira linagona pamchenga zaka zingapo, kenaka mkulu wina analigula n'kulikonzanso. Tsiku limene ndinaliona linali waliwali, penti wabuluu, mzere woyera m'mbali, mipando yatsopano. Ndalama zinali m'thumba ndipo dzanja linkayabwa. Ndinaimbira alamu ako, iwo anangoti, "Bambo, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bwerani kaye kunyumba." Ndinakwera minibasi nditakwiya, msewu wonse mpaka ku Mpamba osalankhula ndi munthu.

Loweruka lake ndinabwererako ndi mdala wina wa Chitonga, wokhoma maboti chiyambire unyamata wake. Anangotenga kahamala ndi kampeni. Pentiyo sanamuyang'ane n'komwe. Anagwada pamchenga n'kuyamba kugogoda thabwa lililonse, khutu lili pafupi. Thabwa lamoyo limalira mokweza, lowola limangoti bu, bu, ngati ukumenya dzungu. Matabwa apansi, akale aja, anali a mlombwa, ndipo kampeni kankaterereka osalowa. Nthiti zake ndi msana wake, zonse zolimba. Vuto linali pa zatsopano zomwe ine ndinakomedwa nazo. Wokonza uja anaika paini m'mwambamu, mtengo woti sukhalitsa m'madzi, n'kukhoma ndi misomali wamba ya denga. Mdala anapala penti pang'ono pamutu pa msomali umodzi, dzimbiri lili psuu. Thabwa lakumbuyo, pamene pamakoledwa injini, kampeni kanalowa ngati m'papaya, ndipo pobowoka anali atamatapo phala lija amamatira galimoto zopindika. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, apa injini ikanatsala m'nyanja, inu n'kubwerera ndi nkhafi, ngati mukanabwerera."

Sindikuti wogulitsayo ndi wakuba. Mwina anakonza ndi zomwe thumba lake linakwanitsa, mlombwa masiku ano ndi wosowa ndiponso wodula. Chimene chinandiwawa n'chakuti ndinamufunsa kawiri ngati pali pobisika, iye n'kumalumbira. Titamuonetsa anangokanda m'mutu. Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka, mtengo unatsika, ndipo yotsalayo ndi imene yagula matabwa anayi, misomali yosachita dzimbiri ndi phula.

Tinaliika m'madzi sabata yatha. Tsiku loyamba madzi ankalowa m'mipata monse, ine mtima uli m'mwamba, kukapa ndi chigubu chodula mpaka msana kuwawa, mdala ali phee pamthunzi akudya chinangwa. Akuti boti lokhalitsa padzuwa matabwa amafota, lisiyeni limwe. Zoonadi, pofika tsiku lachitatu matabwa anafufuma, mipata inatsekeka, pansi pangotsala kachinyezi.

Boti lokha si usodzi, izi ndaziphunzira mochedwa. Injini ndapeza ya Yamaha, ya mahosi 15, yogwirapo kale. Chilimira, ukonde wogwirira usipa uja, ndagwirizana ndi mlamu wa msuweni wanga, iye ali nacho pamodzi ndi mabwato awiri. Pakufunikabe nyali, siginala wodziwa kumene usipa uli, ndi anyamata okoka. Akamadzabwerako kunyanja tizidzayamba tachotsa ya petulo, yotsalayo n'kugawana. Petuloyo ndiye mutu wina, umadziwa mizere yathu, ndipo chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 chilichonse cha injini chinakwera. Ku ofesi ya zausodzi ndi kukomiti ya padoko ndapitako kale, mapepala ali m'njira.

Panopa mwera wakwiya, mafunde ake ngakhale Ilala imavina, ndiye sindikufuna kuyesera boti lokalamba pa mphepo yotere. Tidikira udekhe chakumapeto kwa Ogasiti, mwezi ukakhala mumdima, chifukwa kukawala usipa sulabadira nyali.

Tsono iwe, pobwera pa Khirisimasi, undigulireko ku Johannesburg majekete oyandamitsa munthu asanu ndi limodzi, ndi mapulagi a injiniyo, nambala yake ndikutumizira pa WhatsApp. Anyamata akunyanja amaseka majeketewo, koma m'boti langa adzavala. Ndalama tidzawerengerana ukafika.

Dzina sitinalembepo. Alamu ako akufuna vesi, ana akufuna dzina la timu ya mpira, mdala akuti tisiye lakale lomwe likuonekerabe pansi pa penti. Iwe ukuti bwanji? Upereke moni kwa anyamata onse a kwathu kumeneko.

Ndine mnzako wa ku Chibavi.