Mwamusiya bwanji Hodkinson pa mbiri ya Paramount?

Akonzi,

Nkhani ya sabata yatha pa tsamba lanu la zisangalalo yandikwiyitsa kwambiri. Mlembi wanu wadzaza tsamba lonse ndi mbiri ya Paramount, kampani ya mafilimu ya ku America, kutamanda Adolph Zukor, yemwe adaitsogolera zaka zambiri, mpaka kutopa, koma William Wadsworth Hodkinson sanamutchule ngakhale kamodzi. Kodi nkhaniyi inadutsadi m'manja mwanu isanasindikizidwe?

Dzina loti Paramount silinali la Zukor. Kampani ya Zukor inali Famous Players. Paramount adaikhazikitsa Hodkinson mu 1914, nthawi ya mafilimu opanda mawu, ndipo ntchito yake sinali kujambula ayi, inali kufalitsa. Munthuyu adayamba ndi kanyumba koonetsera kanema ku Ogden, Utah, mu 1907, choncho mavuto a oonetsa ankawadziwa bwino. Kale wopanga filimu ankagulitsa chilolezo choonetsera dera ndi dera, ndalama n'kumabwera mwa apo ndi apo. Hodkinson adasintha zimenezi. Ankapereka ndalama kwa opanga filimu isanathe, n'kuifalitsa m'dziko lonse la America, iye n'kutengapo 35 pa 100 iliyonse ya ndalama zopezeka, opanga n'kutsala ndi 65. Eni nyumba za kanema ankadziwa kuti mafilimu atsopano afika sabata iliyonse. Zukor ndi wopanga mafilimu mnzake Jesse Lasky adakulira pa msana pa dongosolo limeneli.

Nanga adamuthokoza bwanji? Mu 1916 Zukor adagwirizana ndi ena a masheya, kumuchotsa Hodkinson pa mpando wa mtsogoleri wa Paramount, n'kuikapo Hiram Abrams. Olemba mbiri ya mafilimu nkhaniyi amaifotokoza poyera. Mlembi wanu yekha ndiye adaidumpha, ndipo potero wamuchotsanso munthuyu kachiwiri, pamaso pa owerenga amene amakhulupirira zimene mumalemba.

Vutoli si la nkhani imodzi yokha. Ngakhale mukamalemba za mafilimu athu kuno ku Malawi, mumangoonetsa nkhope za ochita zisudzo. Za momwe filimu ifikire munthu wa ku Nsanje kapena Chitipa, ndi momwe ndalama zibwerere kwa amene adaipanga, simufunsa. Chonsecho achinyamata akugulitsa katundu wawo kuti ajambule filimu, mawa lake n'kuipeza ikukoperedwa pamsika iwo osalandirapo kanthu.

Konzani cholakwachi sabata ino pa tsamba lomwelo, osati m'kangodya, ndipo mlembiyo mum'tume akalembe za Hodkinson payekha.

Wowerenga wanu,
Zomba