Omaliza PhD asasaine ntchito ya postdoc m'chimbulimbuli

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi omaliza PhD mu sayansi ya kompyuta amene akusaka ntchito ya postdoc. Ambiri amakopeka ndi dzina la yunivesite, osafunsa komwe malipiro awo azichokera, chonsecho apa ndi pamene pagona nkhani.

Postdoc ndi ntchito ya kafukufuku yomwe munthu amagwira atamaliza PhD, ya kontirakiti, kawirikawiri ya chaka chimodzi mpaka zitatu. Malipiro amachokera m'thumba la kafukufuku lomwe pulofesa wina anapata, ndipo thumbalo likauma ntchito yathera pomwepo, ngakhale kafukufuku ali pakati. Musanasaine, funsani tsiku lomwe ndalamazo zikutha, komanso ngati mudzapatsidwa mpata wochita kafukufuku wanuwanu kapena mudzangopalasa bwato la eni ake. Ngati ntchito yanu imafuna ma GPU (zipangizo za kompyuta zowerengera zinthu zambiri mwachangu), funsani kuti alipo angati ndipo mukugawana ndi anthu angati, poti ambiri amadikira pamzere masabata angapo tsiku lotumiza pepala la kafukufuku ku msonkhano likuyandikira.

Chomwe ndikufuna kutsindika kwambiri n'chakuti kontirakiti ya chaka chimodzi imachepa. M'gawo lathu, mbiri ya munthu imamangidwa ndi mapepala olandiridwa ku misonkhano ikuluikulu monga NeurIPS, ICML, SIGCOMM ndi STOC, kuposa a m'majenale. NeurIPS imalandira mapepala mu Meyi, imayankha mu Seputembala, msonkhanowo n'kuchitika mu Disembala. Pomwe mayunivesite ambiri a ku America amatseka kulandira makalata ofunsira uphunzitsi mu Novembala kapena Disembala. Ndiye woyamba postdoc mu Seputembala amayenera kufunsira ntchito ina patangopita miyezi 3, alibe pepala latsopano ngakhale limodzi. Viza ikachedwa, miyezi ina imadyeka asanakhale n'komwe pampando. Limbikirani zaka 2, ndipo zilembedwe mu kontirakiti, chifukwa lonjezo la pakamwa loti "tidzawonjezera" limadalira ndalama zomwe pulofesayo sanazigwire.

Amene angathe afunsire thandizo lomwe limapita m'dzina lawo. Mwachitsanzo, ndondomeko ya thandizo ya Marie Skłodowska-Curie ya European Union imapereka miyezi 12 mpaka 24, koma wofunsira asakhale atachita kafukufuku zaka zoposa 8 chilandirireni PhD, ndipo asakhale atakhala m'dziko lomwe akupitalo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Lamulo lachiwirili lagwetsa ambiri amene anafunsira komwe ali kale. Ya Humboldt ku Germany imapereka miyezi 6 mpaka 24 kwa amene sanathe zaka 4 chimalizireni PhD.

Pofunsira pamafunika CV, masamba 2 kapena 3 ofotokoza kafukufuku amene mwachita ndi amene mukufuna kuchita, ndi makalata aumboni, nthawi zambiri 3. Okulemberani umboni auzeni kukadali mwezi wathunthu. Osankha amatsegula DBLP (tsamba la pa intaneti la mndandanda wa mapepala a sayansi ya kompyuta) ndi GitHub (tsamba losungirapo mapulogalamu) kuti aone ngati zomwe mwalemba zili zoona, choncho mapulogalamu anu akhale oti wina akhoza kuwayendetsa. Kalata imodzimodzi yotumizidwa kwa mapulofesa ambiri imadziwika pa chiganizo choyamba. Tchulani pepala lawo limodzi ndi pomwe inu mungapitirize.

Za dongosolo la mayina pa pepala gwirizanani ntchito isanayambe. A zamasamu za kompyuta amatsata alifabeti, koma m'magawo ena dzina loyamba ndi limene osankha aphunzitsi amawerengera.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi ya kompyuta