Nambala ya pikosekondi payokha sinena maonekedwe a phata la atomu

A Mkonzi,

Tiloleni tithirirepo ndemanga pa nkhani za kafukufuku wa nyukiliya. Zikalembedwa, timaona nambala yokha ya nthawi imene phata la atomu lakhala lisanatulutse gamma (kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso), osanena kuti yapezeka bwanji kapena ikutiuza chiyani.

Phata likawombedwa ndi maayoni (maatomu ochotsedwa maelekitironi ena) othamanga limalandira mphamvu yowonjezera, kenako limaitaya potulutsa gamma. Nthawi yodikirayo kawirikawiri imakhala mapikosekondi (pikosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo thiriliyoni imodzi a sekondi), ndipo m'pikosekondi imodzi kuwala kumayenda mamilimita 0.3 okha. Wotchi singagwire zimenezi, choncho timayeza mtunda m'malo mwa nthawi.

Chida chotchedwa plunger, chomwe akatswiri a ku Köln adachikonza bwino kwambiri, chili ndi timapepala tiwiri tachitsulo toyang'anizana. Koyamba n'kopyapyala, pafupifupi miligalamu imodzi pa sikweya sentimita, kuti phata likawombedwa lituluke. Kachiwiri, kawirikawiri kagolide, n'kokhuthala kuti kaliimitse. Phata loyenda pa 1 peresenti ya liwiro la kuwala limadutsa mamaikromita 3 (mamilimita 0.003) pa pikosekondi iliyonse. Gamma wotuluka phata lili pa ulendo amasintha mphamvu chifukwa cha Doppler (kusintha kobwera ndi kuyenda kwa chomwe chikumutulutsa), pomwe wotuluka phata litaima sasintha, ndiye ditekita ya germanium imaonetsa nsonga ziwiri pa galafu ya mphamvu. Timasuntha timapepalato pa mitunda khumi kapena kupitirira, n'kumaona momwe nsonga imodzi ikukulira inzake ikuchepa.

Apa m'pamene ntchito imavuta. Maayoni amatenthetsa kapepala koyamba, kamatupa pakati, ndipo mtunda womwe mumati ndi mamaikromita 10 sukhalanso 10. N'chifukwa chake mtundawo umayang'aniridwa nthawi zonse poyeza capacitance ya pakati pa timapepalato (kuthekera kwake kosunga magetsi, komwe kumasintha ndi mtunda), ndipo kachipangizo ka piezo, kosuntha pang'ono kwambiri kakalandira magetsi, kamaubwezera pamalo. Vuto lachiwiri ndi lakuti mulingo wa mphamvu ya phata womwe mukuyezawo umadzazidwa kuchokera ku milingo ina yapamwamba, ina yosaoneka n'komwe, ndipo kuchedwa kwa imeneyo kumatalikitsa yankho lanu. Mankhwala ake ndi kuwerenga gamma wanu pokhapokha wabwera pamodzi ndi gamma wolowa mwachindunji mu mulingowo, ngakhale kuti zimenezi zimataya deta yambiri ndipo zimafuna masiku owonjezera pa makina.

Pansi pa pikosekondi imodzi timaona momwe phata likucheperachepera liwiro mkati mwa chitsulo, koma kuchepako sikudziwika bwino, ndipo kungasokoneze yankho ndi 10 peresenti kapena kuposa. Pa nthawi zotalikirapo timagwiritsa ntchito makristalo ozindikira gamma a LaBr3, monga omwe ali ku iThemba LABS pafupi ndi Cape Town. Amenewa amachedwa kuyankha mosiyana malinga ndi mphamvu ya gamma, choncho amayamba ayesedwa ndi europium-152.

Europium-152 yemweyo akuonetsa chomwe tikudandaula. Akamasweka amabereka samarium-152 ndi gadolinium-152. Mulingo woyamba wa samarium, wa 122 keV (keV ndi muyezo wa mphamvu), umatha theka pa nanosekondi 1.4. Wa gadolinium, wa 344 keV, umatha theka pa mapikosekondi pafupifupi 32. Woona nambala zokhazi anganene kuti mu gadolinium ndi momwe mapulotoni ambiri akuyendera limodzi, popeza akutulutsa gamma msanga. Zoona zake n'zosiyana. Pa gamma wa mtundu wa E2, womwe ndi wotuluka m'milingo iwiriyi, liwiro lotulutsira limakula ndi mphamvu itachulukitsidwa yokha kasanu, ndiye kusiyana kwa 122 ndi 344 kokhako kumapereka pafupifupi 180. Komanso ku samarium, kuposa theka la nthawi mphamvuyo imapita kwa elekitironi osati gamma, ndipo zimenezi ziyenera kuchotsedwa. Zikawerengedwa, B(E2), nambala yomwe imakula mapulotoni ambiri akamayendera limodzi, ya samarium ndi pafupifupi 140 pa muyezo wa Weisskopf (woyerekeza ndi pulotoni imodzi yokha), ya gadolinium pafupifupi 70. Samarium, yochedwa ija, ndiyo ili ndi phata lotalika ngati dzira.

Pempho lathu kwa atolankhani anu ndi loti nambala yotere ikabwera, afunse njira yomwe yagwiritsidwa ntchito, malire a cholakwika, ndi ngati ili nthawi yotha theka kapena tau (avereji ya nthawi yodikira), chifukwa yoyambayo ndi 0.693 ya yachiwiriyo.

Ife,
Aphunzitsi a fizikisi ya nyukiliya