Tikumbutsane luso lotsitsimutsa mwana

Anzathu madokotala a ku wodi ya ana,

Loweruka likubwerali m'mawa tikumane kuti tiyeserere kutsitsimutsa mwana amene wasiya kupuma. Luso limeneli limaiwalika msanga, ngakhale kwa ife amene takhalitsa pantchito.

Mtima wa mwana kawirikawiri umaima chifukwa chosowa mpweya, choncho tidzayamba ndi bag ndi mask, zida zopopera mpweya m'mapapo a mwana, mpaka aliyense aone chifuwa chikukwera. Kenako kukanikiza pachifuwa, ka 100 mpaka 120 pamphindi. Mukakhala awiri, ka 15 kenako mpweya kawiri. Mlingo wa adrenaline (mankhwala othandiza kudzutsa mtima), 0.01 mg pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, ndi umene ambirife timakayikira manja akunjenjemera, mayi akulira pakhomo. Tidzauwerengera limodzi.

Zidole zoyesererapo zilipo. Chonde mubwere ndi anamwino anu, poti ndiwo amayamba kufika pabedi.