Denga la sukulu yathu lapita, ana a ku Chipoka ndi akuluakulu a padoko timveni

Moni nonse komwe muli, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni, ngakhale inu amene mudapita kutali kwa azungu. Ndife a komiti ya sukulu ya pulayimale kuno kumudzi kufupi ndi doko la Chipoka, talemba limodzi ndi a PTA komanso amayi oyang'anira atsikana, ndipo a gulupu tawauza avomera kuti tilembe. Sukulu yake sitichita kukulongosolerani, ndi yomwe ija ya pa mtengo wa mango waukulu pomwe pankapachikidwa chitsulo cha belu, ambiri a inu a e i o u mudaphunzirira pomwepo.

Buloko yakale ija ya makalasi awiri kulibenso. Chimphepo chomwe chinabwera ndi mvula yoyamba chinasasula denga lonse usiku, kutacha malata tinakawatola mmunda wa chinangwa atapindika ngati mapepala, matabwa ake titawaona tinangogwira pakamwa poti mkati monse chiswe chinali chitamaliza kalekale. Patangopita masiku ochepa khoma la mbali ya kunyanja nalo linagwa, lija linachita mng'alu nthawi yomwe madzi a nyanja anakwera kwambiri mu 2024 nthaka yonse nkukhala chinyontho chokhachokha. Timangothokoza Mulungu kuti zonsezi zinachitika ana ali kunyumba.

Pano a sitandade 1 ndi 2 abwerera pansi pa mango paja, bolodi amaitsamiritsa pa thunthu. Kukangochita mdima kumwamba aphunzitsi amawauza kuti kazipitani, ndiye inu mukudziwa mwana wa kuno akabwezedwa kusukulu sapita kunyumba, amalunjika kugombe kukathandiza kuyanika usipa pa thandala kuti apezeko ya mandasi, mawa lake kumudzutsa kuti apite kusukulu ndi nkhondo. A sitandade 8 omwe akudikira mayeso a MANEB akusinthana chipinda ndi anzawo, ena mmawa ena masana, a hedi mpaka anatulutsa katundu mu ofesi mwawo kuti mabuku asanyowe, iwo akulembera pa khonde.

Tisanapemphe tinene kaye zomwe tachita tokha, mungamati tangokhala manja lende. Midzi yonse yozungulira inagawana masiku, Lachiwiri ndi Lachisanu, abambo kuumba njerwa amayi kutunga madzi ndi kututa mchenga pamutu, mpaka tinaotcha mauvuni awiri ndipo akuoneka ukangotsika pa msewu wa M5. Eni zilimira anaperekako kangachepe pa nsomba zomwe anapha, a kumpingo ndi a kumzikiti anasonkhanso. Ndalamazo zina tinagulira nkhuni zootchera, zina tinalipira mmisiri yemwe anagwetsa mbali yotsala ya khoma kuti isapsinje mwana, zotsalazo zili kwa msungichuma, sizambiri ayi. Ndalama ija imabwera kuchokera ku boma yotukulira sukulu imathera choko, maloko ndi kukonza zimbudzi, denga singalifike.

Tsopano nkhani ya padoko, poti ena mwakhala mukufunsa pa foni kuti kodi si paja a kampani analonjeza. Eya analonjeza, bulokoyo isanagwe nkomwe. Kunabwera galimoto ndi akuluakulu a kampani ina yogwira ntchito za padoko, tinawalandira bwino, ana anaimba, amayi anavina, iwo anazungulira bulokoyo akujambula zithunzi nkunena pamaso pa a mfumu kuti kampani yawo ili ndi thumba lothandizira midzi yoyandikana nayo ndipo simenti ndi malata si nkhani. Anatiuza kuti kampani siyipereka chinthu mwachisawawa, pali ndondomeko. Tilembe kalata ya chidindo cha a mfumu, tinalemba. Tipereke maminitsi a msonkhano wa komiti, tinapereka. Titsekule akaunti ku banki ya anthu atatu osainira, tinakwera minibasi kupita ku Salima kawiri konse poti ulendo woyamba mmodzi anaiwala chitupa, ya thiransipoti yotuluka mmatumba mwathu. Tibweretse makotesheni a mashopu atatu, tinabweretsa. Kenaka ziii.

Titapita kukafunsa anati bwana uja anasamutsidwa, amene analowa mmalo mwake kalata yathu sanaione, tilembenso. Tinalembanso, koma apa nkuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndiye makotesheni aja anasanduka mapepala oyatsira moto, thumba la simenti mtengo wake unali utathawa. Ulendo wina anatiuza kuti nkhani zotere amagamula ndi a bodi, ndipo a bodiwo sakhala kuno, amakumana mwa apo ndi apo. Ulendo winanso ndi pomwe tinamva zoti njerwa zootcha iwo sangamangire, pali lamulo la 2018 loti nyumba za boma ngati sukulu zizimangidwa ndi mabuloko a simenti pofuna kuteteza mitengo. Lamulolo sitikulitsutsa, mapiri ayera tikuona tonse, koma abale akanatiuza tsiku loyamba lija amayi sakanathyoka misana ndi zidebe. Kunena zoona tinachita manyazi pobwerera kukauza anthu, mpaka lero ena akatiwona a komiti amangoti nanga malata aja, ena amaganiza kuti tinalandira tinadya.

Sitikulemba kuti tinyoze munthu. Doko ndi ife tinakulira limodzi. Njanji inafika kuno mu 1935, Ilala yayenda pa nyanjayi kuyambira 1951, ndipo Chipoka ndi pomwe sitima ya pamtunda inkakumana ndi ya pamadzi, agogo athu ndi abambo athu ndi omwe ankasenza matumba kuchotsa mu mabogi kukweza mu sitima, ena misana inapindikira pomwepo. Tikudziwanso kuti padoko sipali ngati kale, katundu anachepa, mwina nayo kampani thumba lake laphwa. Ngati zili choncho tiuzeni. Chomwe tikupempha kwa akuluakulu a kampani ndi yankho lolemba, loti inde kapena ayi, losainidwa ndi munthu amene ali ndi mphamvu yogamula osati wongotilandira pageti. Inu munatiphunzitsa kuti chilichonse chizikhala ndi maminitsi ndi siginecha, chabwino, nafenso tikufuna tione pepala losonyeza kuti pempho lathu linafika pa tebulo la a bodi tsiku lakuti ndipo anati chakuti. Ndipo ngati thumba lothandizira midzi lilipodi, bwanji osamata pa bolodi pageti paja kuti chaka chino tathandiza apa ndi apa, kuti tikamadikira tizidziwa kuti tili pa mzere kapena tinafufutidwa. Mukafuna kubwera kudzaonanso bwerani, koma ulendo uno ana sitiwatulutsa mkalasi kuti adzaimbe.

Kwa inu ana athu, apa ndiye tilankhule ngati makolo. Sukuluyi yatulutsa aphunzitsi, anamwino, asilikali, madalaivala a mathiraki, ena muli mmaofesi oziziritsa ndipo timanyadira tikamva. Pa maliro mumabwera ndi magalimoto mpaka kusowa poimika, pa Khirisimasi ndi pa Idi timakuonani, koma njira yonseyo mumadutsa pa sukulu pomwepa magalasi atakwezedwa. Mwina simunaone, ndiye tikukuuzani. Ana omwe akukhala pa fumbiwa ndi a achemwali anu ndi a alongo anu, enanso ndi anu enieni omwe munawasiyira agogo awo. Pomwe sukulu inakhala yaulere mu 1994 ena a inu munayambira pansi pa mtengo womwewu, timayesa zimenezo zinatha ndi inu.

Sitikutchula kuti aliyense apereke zingati. Amene angathe lata limodzi, thumba la simenti, matabwa, misomali ngakhale kilo imodzi, zonse tilandira, ndipo amene akuopa kuti ndalama zisochera agule yekha katunduyo atumize pa lole adzatsitsire kwa a hedi, tidzalemba dzina mu buku. Ofuna kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba nambala ya msungichuma funsani abale anu kumudzi, onse ali nayo. Njerwa zija tagwirizana kuti tigulitseko zina kwa omanga nyumba kuti tipeze yoyambira kuumba mabuloko, chikombole tabwereka kale. Ngati pali wina wa inu amene amadziwana ndi a bodi aja kapena amagwira nawo ntchito, chonde atinyamulire kalata yachitatu, ili kale mu envulopu.

Msonkhano wa makolo uliko Loweruka likubwerali mmawa pa mango pomwepo, mvula ikagwa tikakhala mu tchalitchi. Malata opindika aja anyamata awongolako asanu ndi limodzi, tayamba tafolera pa mango paja mbali yomwe kuli bolodi.

Ndife a komiti ya sukulu, PTA ndi amayi oyang'anira atsikana.